Tiyi wa Loweruka kwa Sisita Beaton

"Vulani sokosi, a Lachie," ndinatero, "ndipo nkhani zanu za nsomba muzisunge. Lero tili ndi mlendo."

A Lachie MacPhail anakhala pampando wawo wa nthawi zonse, pafupi ndi chotenthetsera cha m'holo ya tchalitchi, napinda buluku mpaka m'mabondo. Anali msodzi wopuma wa zaka 81, miyendo yowonda ngati ya kakowa. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankatibwereka miyendo imeneyo kuti anamwino aziphunzirirapo kumanga bandeji.

"Mlendo wake ndi amayi awa?" anafunsa, akuloza ndi sokosi. "Amayi, mwachokera kutali kudzaona miyendo yangayi? Mwachedwa. Akazi a mu Oban muno anayamba kuisirira inu musanabadwe."

Amayiwo anali Dokotala Elspeth Urquhart, otumidwa ndi yunivesite. Anaseka pang'ono, nakhala pakona ndi kabuku kawo pamiyendo.

Iwe Ailsa, popeza kosiyi ndikukusiyira iwe chaka chino, uyenera kudziwa zimene zinachitika Lachisanu limenelo. M'mafayilo amene ndakupatsa muli madeti ndi masiginecha okha. Zinazo ndi izi.

Bungwe lathu ukulidziwa: anamwino opuma anayi, holo yobwereka, ndi kabati yodzaza mabandeji. Timaphunzitsa chinthu chimodzi, kumanga zilonda za m'miyendo zimene zimavuta kupola mwa okalamba. Masiku atatu m'holo, miyezi iwiri akamanga odwala awo kwawo, kenaka amabwera tsiku la mayeso. Satifiketi yathu nthawi imeneyo inali pepala lokongola lopachika pakhoma basi. Kuti ikhale ndi ntchito kwina, yunivesite inayenera kuyamba yaipima kosiyo, kuona maola ake, kulemera kwake ndi mmene timayesera anthu, kenaka n'kuipatsa mapointi. Maola khumi, pointi imodzi. Mapointiwo namwino amawanyamula n'kukaphatikiza ndi ena akafuna kupitiriza maphunziro.

Mafomu opemphera zimenezo anakhala pamwamba pa firiji yanga zaka ziwiri. Masamba 38, ndipo tsamba lililonse limafunsa chinthu chomwecho ndi mawu ena. Ndinali ndi miyendo yoti ndimange, ndinalibe nthawi.

Amene anandichititsa kuwatsitsa ndi Kirsteen Maclaine wa ku chilumba cha Mull. Ndinamudziwa ali kamtsikana kophunzira unamwino, tsopano anali mayi wa ana atatu. Anandiimbira foni mu Januwale.

"Sisita, namwino wamkulu woyendera odwala m'makomo kwathu kuno akupuma chaka chamawa. Malo amenewo ndikuwafuna."

"Ndiye uwatenge, ukundiuziranji ine?"

"Ndiyenera kuchita maphunziro a chaka chimodzi, oyamba mu Sepitembala. Kuti anditenge, ndikupereweredwa mapointi khumi. Mapepala onse akhale atafika pa 16 Meyi. Kosi yanuyo ikanakhala ndi mapointi, sindikanasiya ana kupita ku Glasgow kukasaka mapointiwo."

Sananene kuti ndine waulesi, koma ndinamva. Mafomuwo ndinawadzaza masana a Lamlungu awiri. Pamene ndinali ndi chonena ndinalemba. Pamene panali potopetsa ndinangokopera chitsanzo chimene anatitumizira, mzere ndi mzere, maso ali pa wotchi.

Yankho la yunivesite linabwera ndi funso limodzi. M'zaka khumi ndi chimodzi anamwino 214 anachita kosi yathu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe analephera. Mayeso otero ndi mayeso ngati? Anati atumiza munthu adzaone ndi maso pa 25 Epulo. Komiti yawo ikadzavomereza pa 7 Meyi, gulu limene lionedwelo lidzalandira mapointi. Masiku ake ankakwana bwino lomwe, Kirsteen ali m'gululo.

Tibwerere m'holo. Ophunzira anali asanu ndi mmodzi. Atatu oyamba anamanga bwino. Wachinayi anali Kirsteen. Anabwera pa sitima ya m'mawa, nyanja itavuta, nkhope ili mbuu, ndipo maso ake ankangothamangira pa kabuku ka a Dokotala.

"Usamuope mayiyo," a Lachie anamunong'oneza mokweza moti holo yonse inamva. "Ndi dokotala wa mabuku. Uope uyu wa ndolo zazikuluyu, amaluma."

"Khalani chete, a Lachie, ndinu wodwala."

"Ndikudwala chiyani lero, Sisita?"

"Chilonda pamwamba pa kakolo, cha miyezi isanu."

"Aaa, chomwe chija? Simukuchipoletsa bwanji? Zaka khumi ndi chimodzi!"

Kirsteen anayamba bwino. Anasamba m'manja, anamvetsera kayendedwe ka magazi pa phazi ndi kachipangizo kake, anawerengera, ananena molondola kuti mwendowo ukhoza kumangidwa molimba. Kenaka anatambasula dzanja, nadumpha tepi yoyezera, natenga thonje. Anakulunga kamodzi kokha. Ndinakhosomola. Sanandimve. Iye anazolowera miyendo yotupa ya odwala ake, yonenepa ngati mitsamiro, ndipo manja ake anakoka bandeji monga amakokera kumeneko. Kuyambira ku zala mpaka m'munsi mwa bondo, mizere yofanana, osakwinyika paliponse. Kukongola kunali kukongola.

Ndinagwada, ndinayesa kulowetsa chala pansi pa bandejiyo. Sichinalowe. Zala za kuphazi zinali zitayamba kuyera.

"A Lachie, zala zikumva bwanji?"

"Zala zake ziti? Ndikuganiza zakwera sitima, zabwerera ku Mull."

Ndinamasula msanga. Pamsongolo panali mzere wofiira, fupa litadinda pakhungu. Pa mphindi zitatu zokha. Kwa wodwala weniweni bandeji imakhala mlungu wathunthu, ndipo pomasula umapeza chilonda chachiwiri chimene wapanga ndiwe. Mwendo wowonda umayezedwa kaye, n'kuukutira thonje lokwanira mpaka ufanane ndi mwendo wamba. Kirsteen ankadziwa zimenezi. Anayang'ana tepi ija patebulo, nagwira pakamwa.

Ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse. Ndinamusisita paphewa n'kunena chapansipansi, "Kirsteen, mawa ubwere kunyumba tidzamwe tiyi."

A Lachie anawomba m'manja. "Tiyi wa Sisita! Pepa mwanawe, wagwa nayo. Ndiye kuti mawa ine ndisapite kokaona mpira."

Cholembera cha a Dokotala chinaima. "Tiyi wake uti, bambo?"

"Simunawauze, Sisita?" Ndinawayang'ana ndi diso loti likanapha galu, koma munthu wa zaka 81 saopa diso. "Amayi, amene wamanga zopusa samuuza kuti walephera. Amamuitanira tiyi Loweruka. Akafika amapeza ine ndakhala kale m'khitchini, mwendo uli pa mpando. Amanga, Sisita amasula. Amanga, Sisita amasula. Kasanu ndi kawiri, kakhumi. Tiyiyo amamwa atakhoza. Wina wa ku Lochgilphead anabwera ma Loweruka asanu, mpaka mkazi wanga anayamba kundikayikira."

Ophunzira anaseka, kupatula Kirsteen. Awiri otsalawo anamanga, anakhoza, ndipo tinapuma kuti anthu adye. A Dokotala ananditsatira ku kakhitchini ka kuseri kwa holo, natseka chitseko.

"Mayi Beaton, ndi angati anamwapo tiyi ameneyu?"

"Sindinawerenge. Mwina mmodzi mwa anayi alionse."

"Nanga amene sanakhoze ngakhale pa tiyipo?"

"Atatu. Anangosiya kubwera. Satifiketi sindinawapatse, ndipo mayina awo sindinawalembe paliponse."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinawauza. Kuno ndi kung'ono. Namwino amene ndamulemba kuti walephera, amayi ake ndimakhala nawo benchi limodzi Lamlungu, bwana wake ndi msuweni wa mlamu wanga. Komanso ine ndinaphunzira nthawi imene mayina a olephera ankawamata pakhoma la chipinda chodyera, aliyense awerenge ali ndi mbale m'manja. Ndinalumbira kuti sindidzachitira mnzanga wa ntchito zimenezo. Chimene ndimafuna ndi chakuti mwendo umangidwe bwino. Ukamangidwa bwino, pepala ndi la chiyani?

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanali mayi wamatama. Anati nawonso anagwirapo ntchito m'makomo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chala chawo chikanakanika kulowa pansi pa bandeji ija monga changa.

"Ndinabwera ndikuganiza kuti mayeso anu alibe mano," anatero. "Mano ali nawo, ambiri. Koma mwawabisa m'khitchini. Yunivesite ikaika mapointi pa kosi, imakhala ikuuza munthu wa ku Aberdeen, amene sakudziwani inu kapena a Lachie, kuti namwino uyu anayesedwa. Ngati pepala silisonyeza kuti munthu angalephere, silisonyezanso kuti wina anakhoza."

"Chabwino. Ndilemba kuti lero walephera, mawa abwereza, akhoza. Nkhani yatha."

Anatsegula chikwama, natulutsa mafomu anga aja, napita pa tsamba 29. Anandipatsa. Ndinavala magalasi. Panalembedwa kuti wolephera adzabwereza mayeso pakatha milungu inayi, pamaso pa woyesa wachiwiri amene sanamuphunzitse.

"Ndani analemba zopusazi?"

"Siginecha ili m'munsiyo ndi yanu."

Ndinawerengera pa zala. Milungu inayi kuchokera pa 25 Epulo ndi 23 Meyi. Mapepala a Kirsteen ankafunika pa 16.

"Fufutani. Ndilemba pano kuti tsiku lotsatira."

"Sindingathe. Anthu asanu ndi awiri a m'komiti analandira kale zimenezi, ndipo gulu ili likuyesedwa potsatira zimene munatumiza. Zosintha zidzagwira magulu akubwera." Anatseka mafomuwo. "Chimene chikundiwawa ndi ichi, mayi Beaton. Chitsanzo chija chinali chitsanzo chabe. Mukanalemba tiyi wanuyo monga alili, kuti wolephera amabwereza mawa lake mpaka akhoze, n'kuwonjezapo mboni imodzi, tikanavomereza. Ndi njira yabwino kuposa zambiri zimene ndimaona."

Ketulo inawira, ndinaizimitsa. Pepala la zotsatira linali m'thumba la epuloni yanga, mabokosi awiri pa dzina lililonse.

"Ndikalemba kuti wakhoza?"

"Woyesa ndinu, sindikuuzani cholemba. Ine ndilemba zimene ndaona, basi."

Sizinafune nzeru zambiri. Ndikalemba kuti wakhoza, lipoti lawo ndi pepala langa zikasemphana pamaso pa komiti, kosi ikakanidwa, ndipo mapointi sakawaona aliyense, Kirsteen yemwe. Komanso mzere wofiira uja ndinauona ndi maso anga. Zaka zonsezi sindinalembepo bodza. Ndinkangodikira kuti zoona zikome kaye ndisanazilembe.

Kirsteen ndinamupeza panja, atatsamira khoma la manda a tchalitchi, sangweji ili m'manja osaidya. Ndinamuuza zonse, za tsamba 29 zomwe, ndi kuti amene sanaliwerenge ndine.

"Sisita, mawa ndikhoza kumanga bwino. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Ndamanga miyendo makumi atatu miyezi iwiriyi. Palibe unavuta."

"Unali wowonda ndi umodzi womwe?"

Anaganiza. "Ayi."

"Ndiye tamva lero, pa mwendo wa a Lachie, osati pa gogo wina wa kwanu amene akanakhala nayo mlungu wonse osadandaula poopa kukuvutitsa."

Anaponyera mbalame sangweji ija. "Zaka khumi ndi chimodzi, anthu mazana awiri, woyamba kulephera ndine. Chikho chake mundipatsa liti?"

"Ndikalankhula nawo a kusukulu ukufuna kupitayo. Mlungu umodzi si chaka."

"Kalankhuleni," anatero, osandiyang'ana. "Lembani zimene mukulembazo, Sisita. Sitima yanga ndi ya folo koloko."

Ndinalemba ndili pomwepo, pepala nditalitsamiritsa pakhoma. Ndi chizindikiro chimodzi m'bokosi, n'chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa. Ndinadabwa kuchepa kwake. Iye anawerenga, nasayina m'munsi, napita ku doko.

Lolemba ndinaimba foni kusukulu imene ankafuna kukaphunzirayo. Anandiyankha mwaulemu. Malo anali makumi awiri, ofunsira oposa makumi asanu, onse mapepala okwana. Sakanasungira malo munthu mmodzi pa mawu a mayi wa ku Oban. A Dokotala Urquhart nawo analemba kalata, yankho lomwelo. Sindinawakwiyire. Ndikanakhala ine pampandopo ndikanayankha chimodzimodzi, mwinanso mwamwano.

Pa 7 Meyi komiti inavomereza. Mapointi khumi, kwa zaka zisanu, pokhapokha tizisunga zotsatira zonse, zabwino ndi zoipa. Anzake asanu a Kirsteen analandira awo. Anamwino 214 akale aja sanalandire kanthu, chifukwa panalibe cholembedwa chosonyeza mmene anayesedwera. Ena mwa iwo abwera kudzachitanso kosi yonse, ndipo sandiiwalitsa.

Pa 23 Meyi Kirsteen anabwera. Woyesa wachiwiri anali namwino wa ku Fort William amene sankamudziwa. A Lachie anafika atavala tayi.

"Wabwera kudzamaliza ntchito?" anamufunsa. "Wakumanzere uja sunauphe. Yesa wakumanja."

"Tambasulani mwendo, agogo, musanandichititse kuti ndimange pakamwa."

Anatenga tepi poyamba penipeni, anayeza, ananena manambala mokweza, anakutira thonje katatu pamsongolo, namanga. Chala changa chinalowa monga chiyenera kulowera. Zala za a Lachie zinakhala zofiirira, zofunda, akuzigwedeza ngati mwana. Mayi wa ku Fort William anasayina, ine ndinasayina. Mapointi khumi anatuluka, atachedwa masiku asanu ndi awiri.

Maphunziro aja anakawachita chaka chotsatira, anakhoza bwino. Koma malo aja sanadikire. Anatenga mayi wina wochokera ku Paisley, namwino wabwino, ndilibe naye mlandu, ndipo watsala ndi zaka zambiri kuti apume. Kirsteen amagwira ntchito pansi pake. Amadziwa khomo lililonse la kuderako, galu aliyense woluma, gogo aliyense wobisa mankhwala m'kabati, koma ndandanda ya ntchito amalemba ndi wina. Timalankhulana. Amanditumizira ophunzira chaka chilichonse, ndipo Khirisimasi amanditumizira khadi. Za tsamba 29 sanazitchulenso. Mwina kukanakhala bwino akanandikalipira kamodzi n'kutha nazo.

Chaka chimenecho chomwe tinasintha lamulo lija. Tsopano wolephera amabwereza pasanathe masiku asanu ndi awiri, pamaso pa mboni, ndipo zimalembedwa. Palibe amene wafa ndi manyazi. Mmodzi analira, wina anapsa mtima n'kusiya chitseko chotsegula, onse anabwerera n'kukhoza.

Zaka zisanu zija zikutha mu Meyi, ndipo mafomu atsopano afika kale, masamba 44. Ali mu fayilo yobiriwira. Manja ako ndi abwino kuposa anga, koma ndakuona mmene umayang'anira mapepala, ndi nkhope yomwe ndinali nayo ine. Uyambe mwezi uno, usadikire kuti wina akuimbire foni ali pa mavuto. Uwerenge tsamba lililonse, lotopetsa lomwe. Pamene akufunsa mmene timachitira, ulembe mmene timachitiradi, ngakhale zioneke zachimidzi pafupi ndi chitsanzo chawo. Pamene sukumvetsa, uimbire foni a Dokotala Urquhart, amayankha. Ine ndinamanga miyendo bwino n'kumutayitsa munthu malo ake ndi mzere umodzi umene sindinauwerenge. Ailsa, chonde, iwe uchite bwino kuposa pamenepa.